Funsani Mmisiri: Bokosi lija la cross-connect limadziwa bwanji kopita mawu anu?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kumtunda kuno, Dedza ndi Ntcheu. Ndasankhapo atatu chifukwa akuzungulira nkhani imodzi ngakhale eni akewo sakudziwana.

FUNSO: Achimwene, ine kwathu ndi ku Bembeke, ndikuphunzira zamagetsi ndi zamafoni ndipo pano ndili pa atachimenti pa Dedza boma. Tsiku lina tinalowa m'kachipinda kozizira momwe muli makina, abwana anandilozera bokosi lalitali ngati fuliji nkuti iyi ndi cross-connect, usaigwire. Ndinafunsa ngati ili swichi anati ayi, ndinafunsa ngati ili rauta anatinso ayi, kenako foni yawo inalira nde anatuluka, mpaka lero sanandilongosolere ndipo ndikuchita manyazi kufunsa kachitatu. Chimenechi ndi chani, nanga chimadziwa bwanji kuti mawu awa apite ku Lilongwe awa ku Blantyre? Ndine mnyamata wa ku Bembeke.

YANKHO: Mphwanga, manyaziwo tawasiya kaye, paja safunsa anadya phula. Abwana akowo sananame, si swichi komanso si rauta. Ndipo pa funso lako lomalizalo, cross-connect siidziwa kanthu payokha, imachita kuuzidwa ndi munthu, ikauzidwa kamodzi basi imangochita zomwezo usana ndi usiku mpaka tsiku lomwe munthu wina adzasinthe. Ukagwira pamenepa zotsalazi zilowa zokha.

Tiyambe ndi mawu. Makina a lamya amayeza mawu ako ka 8,000 pa sekondi imodzi, ndipo muyeso uliwonse amaulemba ngati nambala ya mabiti 8, biti iliyonse ndi 0 kapena 1. Chulukitsa 8,000 ndi 8 upeza mabiti 64,000 pa sekondi, nde 64 kbit/s ija ukungoiona paliponse m'manotsi akowo, imeneyo ndi njira ya munthu mmodzi woyankhula. Tsono kukoka waya wakewake wa munthu aliyense kuchoka pa Dedza mpaka ku Lilongwe nzosatheka, nde anapeza nzeru yoti anthu ambiri azisinthana pa chingwe chimodzi mothamanga zedi. Nthawi amaigawa m'timipata 32, amisiri amati ma timeslot, kuyambira 0 mpaka 31. Kampata aka kanyamula mabiti 8 a uyu, kotsatira a uyo, mpaka tonse 32 tithe kenako kuyambiranso, ndipo kuzunguliraku kukuchitika ka 8,000 pa sekondi moti khutu silingamve kuti anthu akupatsana mpata. Imeneyi ndiye E1, 32 kuchulukitsa ndi 64 ndi 2,048 kbit/s, anzako pantchitopo amangoti 2 meg. Kampata 0 sikanyamula mawu, ntchito yake ndi kuonetsa poyambira kuzungulira kulikonse kuti makina a mbali inayo asasokoneze kawerengedwe, ndipo 16 nthawi zambiri amakasiyira mauthenga a makina okhaokha, oti uyu waimba, uyu wayankha, uyu wadula, nde a mawu amatsala 30. Ku America ndi Canada amagwiritsa T1 ya timipata 24 ndi 1,544 kbit/s. Ndakutchulira dala chifukwa mabuku ambiri amene mumadawunilodawo analembedwa kumeneko, ukaona DS1 kapena DS3 usabalalike, kuno kwathu ndi ku Ulaya timayendera E1.

Tsopano tatiye pa Lizulu tsiku la msika. Magalimoto akufika kuchokera ku Tsangano, ku Mlangeni, kwina ndi kwina, ndipo tiyerekeze kuti galimoto iliyonse ili ndi malo 32 okhazika matumba a kachewere, malo aliwonse ali ndi nambala. Katundu ali m'menemo ndi wosakanikirana, wina wa ku Lilongwe, wina wa ku Blantyre, wina wongotsika pa Ntcheu boma. Pamsikapo pali kapitawo amene ali ndi kope, m'kopemo munalembedwa kale kuti thumba lokhala pa malo 5 a galimoto ya ku Tsangano lizipita pa malo 12 a lole ya ku Lilongwe, la pa malo 6 lizipita pa malo 3 a lole ya ku Blantyre, choncho choncho. Kapitawoyu samasula thumba, sawerenga dzina lolembedwa pathumba, safunsa kuti mwini wake ndani, iye amangoona kuti lachokera galimoto iti, malo a nambala chani, basi. Ndipo apa mvetsetsa, ngakhale malo 5 aja abwere opanda thumba, malo 12 a ku Lilongwe apitanso opanda kanthu, sapatsa wina ayi chifukwa ali ndi mwini wake. Kapitawo ameneyu ndiye cross-connect, kope lija ndi mapu amene injiniya amalemba pa kompyuta.

Rauta ndi munthu wina, iye amawerenga adiresi pa kaphukusi kalikonse nkusankha njira pompopompo, pakachuluka katundu ena amadikira pamzere ena amatayidwa kumene. Swichi ya mafoni nayo imalumikiza njira nthawi yomwe waimba, ukadula imamasula nkupatsa wina. Koma cross-connect njira yake imakhala miyezi ngakhale zaka, kaya mukuyankhula kaya simukuyankhula. Nchifukwa chake mabanki ndi maofesi amene ankabwereka mzere waowao ankadutsira m'bokosi limeneli, liwiro lawo silinkasintha ngakhale tauni yonse ikhale pa foni.

Mkati mwakemo zimachitika bwanji? Muli memore imene ungaiyerekeze ndi shelefu ya timabokosi ta manambala. Mzere wa timipata 32 ukalowa, makina amalemba mabiti aja m'shelefumo motsatira m'mene afikira, woyamba pa 0, wina pa 1, mpaka 31. Potulutsa ndiye pali nzeru yonse, satulutsa motsatira m'mene analowera koma motsatira mapu aja, nthawi ya kampata 12 ka mzere wa ku Lilongwe ikakwana makina amayang'ana pamapu nkuona kuti apa nditenge zomwe zili m'kabokosi 5 ka mzere wa ku Tsangano. Amisiri amati time slot interchange. Kuchedwa kwake ndi kochepetsetsa, pafupifupi nthawi ya kuzungulira kumodzi kwa timipata 32 tija, ma microsecond 125, ndiye kuti sekondi kuigawa ka 8,000. Mabokosi akuluakulu amakhala ndi mashelefu otere ambiri olumikizana, koma mfundo yake ndi yomweyi.

Phindu lake lalikulu, limene kampani imagulira chinthu chodula chonchi, ndi kudzazitsa malole. Tiyerekeze nsanja zitatu, ina cha ku Mayani, ina ku Lobi, ina pa Linthipe, iliyonse ili ndi E1 yake koma yoyamba ikugwiritsa timipata 10 tokha, yachiwiri 8, yachitatu 12. Popanda cross-connect ndiye kuti ma E1 atatu onse akuyenera kuyenda mpaka ku Lilongwe ali theka theka, ngati malole atatu kuwotcha dizilo atanyamula matumba owerengeka. Ukaiika pakati imatola 10 uja, 8 ndi 12 nkuthira mu E1 imodzi yodzadza, awiri otsalawo akagwire ntchito kwina. Imathanso kupatula, mawu apite ku swichi, data ya banki ipite kwake, ngakhale zabwera pa chingwe chimodzi. Ntchito imeneyi amati grooming, ulimva kwambiri liwu limeneli. Pa 2G amafinyanso kuposa apa, mawu a munthu mmodzi amakwana mu 16 kbit/s nde kampata kamodzi ka 64 kamanyamula anthu anayi.

Kale zonsezi zinkachitika ndi manja. Pankakhala chimango chachikulu cha mawaya, mmisiri amatenga kawaya nkulumikiza apa ndi apo, ukafuna kusintha njira ndiye wina akwere galimoto apite komweko, ndipo kuti upatule kampata kamodzi umayenera kumasula mzere wonse kubwerera ku mawu wamba nkuumanganso. Kampani ya AT&T ku America ndi imene inatulutsa makina otchedwa DACS kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dzinalo linakakamira moti amisiri ena achikulire cross-connect iliyonse amangoti daksi. Chomwe chinasintha nchakuti munthu ali pampando ku ofesi yaikulu atha kulemba lamulo pa kompyuta njira nkusintha pa Dedza iye osadzuka, athanso kubweza mzere pakati panjira, amati loop, kuti aone ngati vuto lili chakuno kapena chauko asanatume munthu.

Ukayang'ana pa bukhu la bokosilo upeza manambala ngati 1/0, 4/1 kapena 4/4. Nambala ya kumanzere ikunena kukula kwa mizere yolowa, ya kumanja ikunena kukula kwa katundu amene bokosilo limasuntha. 1/0 imalandira ma E1 nkumasuntha timipata ta 64 kbit/s kamodzikamodzi, imeneyi ndiye ya matumba ija. 4/1 imalandira mizere ikuluikulu nkumasuntha E1 yathunthu, 4/4 imasuntha chimtolo chonse cha pafupifupi 140 Mbit/s osachimasula.

Apa ndiima pang'ono chifukwa ndi pomwe ana asukulu ambiri amagwa pa mayeso. Njira yakale yomangira mitolo, PDH, inali yoti ma E1 anayi apange 8 meg, ma 8 meg anayi apange 34, ma 34 anayi apange 140, yonyamula ma E1 okwana 64. Vuto linali potsitsa. Ukafuna E1 imodzi yokha pa Ntcheu umayenera kumasula 140 kukhala ma 34, kenako ma 8, kenako ma 2, utenge yakoyo, nkumanganso zonse kuti zipitirire ulendo, chimodzimodzi thumba lako likhale pansi penipeni pa lole, atsitse katundu yense pamsewu nkukwezanso. Mu 1988 anagwirizana njira ina, SDH, ku America amati SONET. Mtolo wake woyamba ndi STM-1 wa 155.52 Mbit/s wonyamula ma E1 okwana 63, ndiye kuti anthu 1,890 akuyankhula nthawi imodzi, kenako STM-4, STM-16 wa pafupifupi 2.5 Gbit/s ndi STM-64 wa pafupifupi 10 Gbit/s. Ubwino wake mtolo uliwonse umayenda ndi cholozera chonena pomwe katundu aliyense wayambira, nde cross-connect imangopisa dzanja nkusolola E1 imene ikufuna, zina zonse osazikhudza.

Chinanso chimene anthu amachipeputsa ndi wotchi. Poti bokosili limazindikira katundu ndi nthawi yomwe wafikira basi, makina onse pa netiweki akuyenera kuyendera kugunda kumodzi. Wina akathamanga pang'ono kuposa mnzake shelefu ija imadzadza kapena kuuma, mabiti a kuzungulira kumodzi amatayika kapena kubwerezedwa, amati slip. Pa mawu umangomva kakuti thee kenako bwinobwino, koma pa data ndi mavuto enieni, ndipo ovuta kuwapeza chifukwa magetsi onse pabokosi amakhala akuwala obiriwira.

Za usaigwire zija, abwana ako akunena zoona ndipo ndikuuze chomwe ndinaona ndi maso anga. Ndikugwira ntchito pa kampani ina, tinapatsidwa ntchito yochotsa mizere yakale imene pa pepala inkaoneka kuti eni ake anasiya kalekale. Tinafufuta umodzi usiku, kutacha tinamva kuti ofesi ina ya kuboma ilibe kulumikizana kulikonse, anthu anayenda mitunda italiitali kudzalandira thandizo nkubwerera chimanjamanja. Chinachitika nchakuti zaka zam'mbuyo munthu wina anasamutsira ofesiyo pa timipata timeneto pothana ndi vuto lamwadzidzidzi, koma sanalembe paliponse. Bokosilo silinalakwe, linachita zomwe tinaliuza. Zinandipweteka kwambiri ndipo mpaka lero ndikakumbuka amayi aja akubwerera m'mawa wozizira wa mwezi wa June mtima umandiwawa. Kuyambira pamenepo sindifufuta kanthu ndisanaone kaye ngati pamzerepo pakudutsa zinthu, ndipo chilichonse ndasintha ndimalemba tsiku lomwelo ngakhale ikhale 2 koloko usiku. Iwenso uyambe khalidwe limeneli panopa ukadali pa atachimenti.

Mwina anzako akuuza kuti izi nzachikale, masiku ano zonse ndi IP, njira ya intaneti yotumiza zinthu m'timaphukusi. Mbali ina akunena zoona, 4G imayenda ndi timaphukusi todutsa m'marauta, ndipo ma E1 akuchepa chaka ndi chaka. Koma ine sindivomereza kuti usaphunzire. Pansi pa marauta aja pali faiba, ndipo mu faibamo muli makina otchedwa OTN ndi ROADM amene akugwira ntchito yomweyi ya kapitawo uja, kungoti ROADM m'malo mwa kampata ka nthawi imasuntha mtundu wa kuwala, mtundu uwu utsike pano, uwo upitirire. Amene anamvetsa 1/0 savutika nazo zimenezi. Mawa ukapita kuntchito uwapemphe abwanawo kuti akuonetse mapu a ma cross-connection pa kompyuta, kungoona chabe, usankhe mzere umodzi nkuutsatira kuchoka pa port yolowera mpaka yotulukira, ujambule papepala. Akaona pepala limenelo sadzakuthawanso.

FUNSO: Ine ndi mayi wa bizinesi yotumiza ndi kulandira ndalama pa foni pa Kampepuza. Netiweki ikachoka timamva kuti faiba yaduka kwinakwake kutali, koma mwana wanga akuti makina amasiku ano amasintha okha njira. Nanga bwanji ife timakhala tsiku lonse osagwira ntchito, makasitomala nkumatikalipira ngati tadya ndalama zawo? Ndine mayi wa pa Kampepuza, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, ndikudziwa kuti tsiku lotere komishoni palibe koma lendi ya kabenchi ndi ya nyumba siidikira. Mwana wanuyo akunena zoona ndithu. Makina ndafotokoza pamwambawa akalumikizidwa mozungulira ngati mkombero, katundu amakhala ndi njira ziwiri, ndipo muyezo wa SDH umati ina ikaduka asamukire ku inzake pasanathe ma millisecond 50, ndiye kuti sekondi kuigawa ka 20, munthu ali pa foni sadziwa nkomwe kuti chachitika chinthu. Zili ngati wochokera ku Lilongwe kupita kum'mwera, msewu wa M1 wodzera pa Dedza ndi Ntcheu ukatsekeka atha kudzera kunyanja, Salima, Mtakataka, Golomoti nkukatulukira cha ku Balaka.

Koma makinawo sangapange msewu pomwe palibe msewu. Amangosankha pakati pa njira zimene anthu anakumba kale nkuwalembera pa mapu. Nsanja zambiri za kumidzi zili ngati mudzi wa kumapeto kwa kanjira kamodzi, kanjirako kakaduka basi palibe kolowera. Nthawi zina njira ziwirizo zilipo pa pepala koma zingwe zonse anazikwirira mu ngalande imodzi m'mbali mwa msewu womwewo, kapena zikuwolokera pa mlatho umodzi, nde thirakitala yokonza msewu ikapalasa, kapena madzi akakokolola, kapena akuba akadula poganiza kuti muli kopa, pomwe mu faiba muli galasi lokhalokha losagulitsika, zonse ziwiri zimapita limodzi. Izi ine zimandinyansa kwambiri chifukwa ndi kupulumutsa ndalama zokumbira pamsana pa anthu ngati inu. Kwinanso njira yachiwiri ilipo koma ndi yopapatiza, nde mumaona timizere ta netiweki tili todzadza pafoni koma ndalama sizikudutsa. Ndipo musaiwale magetsi, nsanja ikazimitsidwa mabatire nkutha jenereta osalira, faiba ikhale yabwinobwino netiweki sikhalapo.

Palinso za kunja. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera m'maiko oyandikana nawo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja ngati SEACOM imene inayamba mu 2009 ndi EASSy ya 2010, zonse zimatsikira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo mwa malo ena. Vuto likakhala kumeneko kawirikawiri kuimba foni kumatheka koma WhatsApp ndi Facebook ndi zomwe zimakwawa.

Chomwe mungachite inu, khalani ndi kope lolembamo tsiku ndi nthawi imene netiweki yachoka ndi imene yabwerera, muuzenso anzanu a mabenchi oyandikana nanu azitero. Kadandauleni kaye ku kampani yanuyo ndipo mutenge nambala ya dandaulo, zikapanda kusintha pitani nazo ku MACRA, bungwe loyang'anira zamafoni m'dziko muno. Pofunsa musangoti netiweki ikuvuta, funsani kuti nsanja yathu ino ili ndi njira yachiwiri kodi, nanga njirayo ikudzera kwina kapena mu ngalande yomweyo. Ndipo ngati mpamba ukulola, khalani ndi mizere ya makampani awiri, ngakhale dziwani kuti nthawi zina makampani amabwerekana chingwe chimodzi nde atha kugwa onse pamodzi.

FUNSO: Bambo, ndikakhala pa Lizulu foni yanga imalandira uthenga wondilandira ku Mozambique ine ndili ku Malawi konkuno, mayunitsi nkumatha msanga. Kodi ndi makina anu aja akusokoneza mizere? Ndine bambo wogulitsa kabichi, Lizulu.

YANKHO: Ayi bambo, apa cross-connect siikukhudzidwa, iyo ili kutali mkati mwa netiweki ndipo siisankhira foni yanu nsanja. Nkhani ndi yakuti kuyambira cha ku Dedza mpaka ku Biriwiri msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni, pa Lizulu penipenipo tsidya lina la msewu ndi Mozambique kale, ndipo mafunde a wailesi saima pa malire. Foni yanu ikataya nsanja ya kuno kwa kanthawi, mwina mwalowa kuseri kwa nyumba kapena magetsi azima pansanjapo, imagwira ya tsidya linalo ngati Vodacom kapena Movitel, nkuyamba kukulipiritsani ngati muli kunja. Lowani mu Settings, pa Mobile networks, pezani posankhira netiweki, muchotse pa automatic nkusankha nokha kampani yanu ya kuno, komanso muzimitse data roaming. Ngati ndi kafoni ka mabatani zili chimodzimodzi, pa Network selection musankhe manual. Tsiku lomwe mudzapite kukaoda katundu mkati mwa Mozambique mudzakumbuke kubwezera pa automatic, apo ayi foni idzangokhala duu osagwira kalikonse.